Mtima wa Wotchi: Nkhani Yokambidwa ku Aerodrome, Bindura

  

Nkhani imene mwandiitanira ndi ya mawotchi, makamaka aja oyenda opanda batire. Ena mwa inu mukudzifunsa kuti nanga wotchi ndi ya chiyani masiku ano, poti foni ili m'thumba ndipo nthawi imauza bwinobwino. Funsolo ndi labwino ndipo ndiliyankha. Koma kumbukirani kuti ambiri a ife tili kuno chifukwa makolo athu anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ena ku Chipata ndi ku Tete, kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a dziko lino. Munthu wa kumgodi ankakhala moyo wa nthawi: huta ikalira, shifiti yayamba. Akalandira ndalama, pambuyo pa njinga ndi suti, ankagula wotchi. Ena anapatsidwa wotchi ndi kampani atagwira ntchito zaka zambiri. Mawotchi aja a Oris, Roamer, Lanco, Citizen ndi Seiko 5 alipobe m'masutikesi ndi m'madirowa a nyumba zathu, ambiri ataima.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba, chimene chimayendetsa wotchi yotere. Yachiwiri, tanthauzo la kunena kuti wotchi ikulondola. Yachitatu, tiyerekeza mawotchi atatu apamwamba amene amafanana kwambiri. Yachinayi, yomwe ndi yaikulu kwa ine, ndi kasamalidwe ka wotchi kuno kwathu kumene kuli fumbi, maginito ndi kutentha.

Mfundo yoyamba. Mukatsegula kumbuyo kwa wotchi yopukusa, muona sipuling'i yaikulu yokulungidwa m'kachitini. Mukamapukusa kamutu ka m'mbali kaja, mukumanga sipuling'i imeneyi, ndipo mphamvu yonse ya wotchi imachokera pomwepo. Wotchi ya otomatiki ndi yomweyo, kungoti ili ndi kachitsulo kolemera kamene kamazungulira mukamagwedeza mkono, n'kumakupukusirani. Sipuling'iyo ikanasiyidwa yokha, ikanamasuka kamodzin'kamodzi, mivi n'kuthamanga maola onse m'kanthawi kochepa. Chimene chimaigwira ndi kagudumu kamene kamapita uku n'kubwerera uku, kokhala ndi kasipuling'i kena kopyapyala kwambiri pakati pake. Okonza mawotchi amakatchula kuti balansi. Ameneyu ndiye mtima wa wotchi. Ukagunda mofulumira, wotchi imatsogola. Ukagunda mwaulesi, wotchi imatsalira. M'mawotchi ambiri amakono umagunda ka 8 pa sekondi, kutanthauza ka 28,800 pa ola, ka 691,200 pa tsiku. Seiko 5 ya bambo aja imagunda ka 6 pa sekondi. Kulira kuja mumamva mukaika wotchi kukhutu ndi komweko.

Tsono mvetserani apa, chifukwa pakukhudza tauni yathu ino. Kale kasipuling'i kopyapyala kaja kankapangidwa ndi chitsulo wamba. Chitsulo chikatenthedwa chimafewa pang'ono, ndipo wotchi yopanda chotetezera inkatsalira masekondi pafupifupi 10 pa tsiku kutentha kukakwera ndi digiri imodzi yokha. Taganizani kusiyana kwa m'mawa wa mu June ndi masana a mu October kuno ku Bindura, madigiri 20 kapena kuposa: ndiye kuti wotchi yasochera ndi mphindi zitatu pa tsiku. Amisiri anavutika nazo zaka zambiri, akumapanga magudumu a zitsulo ziwiri zomatikiza kuti china chibweze zimene china chalakwitsa. Amene anadula vutoli pamuzu ndi katswiri wa ku Switzerland, Charles Édouard Guillaume. M'chaka cha 1896 anapeza kuti mukasakaniza chitsulo ndi nikelo, nikeloyo n'kukhala magawo 36 pa 100, mupeza chitsulo chimene pafupifupi sichitalika chikatenthedwa. Anachitcha Invar. Pambuyo pake anapanga china, Elinvar, chimene kulimba kwake sikusintha ndi kutentha, ndipo chimenecho ndicho chinalowa m'tisipuling'i ta mawotchi. M'chaka cha 1920 analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi.

Nikelo, abale anga. Mwala womwe uja makolo athu anayamba kukumba ku mgodi wa Trojan m'zaka za m'ma 1960. Ndibwerezenso: chimene chinachititsa kuti wotchi ya munthu wamba izilondola m'chisanu ndi m'chilimwe momwe ndi nikelo. Ngakhale chikombole cha wotchi, chitsulo chosachita dzimbiri chija, muli nikelo. Mtundu umene makampani ambiri amagwiritsa ntchito, 316L, uli ndi nikelo magawo 10 mpaka 14 pa 100. Umene Rolex amagwiritsa ntchito, 904L, uli ndi magawo oposa 20. Wotchi yagolide yolembedwa kuti 750 kapena 18K, magawo atatu mwa anayi ndi golide weniweni, ngati amene amatuluka ku mgodi wa Freda Rebecca. Ine zimandipweteka kuti mwana wa ku Bindura amaona wotchi yapamwamba pafoni n'kumaganiza kuti ndi chinthu cha dziko lina chosamukhudza, pamene agogo ake anathera mapapo pansi pa nthaka kukumba zinthu za mtundu womwewo. Mfundo yoyamba ndi imeneyo.

Mfundo yachiwiri: kulondola n'chiyani? Tsiku lili ndi masekondi 86,400. Ku Switzerland kuli bungwe la COSC, limene linakhazikitsidwa mu 1973, loyesa makina a mawotchi. Amawayesa masiku 15, atawagoneka m'njira zisanu, pa kutentha kwa madigiri 8, 23 ndi 38. Makina amene satsalira kuposa masekondi 4 kapena kutsogola kuposa masekondi 6 pa tsiku amapatsidwa dzina loti chronometer. Mukaona mawu amenewo pankhope ya wotchi, tanthauzo lake ndi limenelo. Seiko 5 ya masiku ano, eni ake amalola kuti itsogole mpaka masekondi 45 kapena kutsalira 35 pa tsiku, ngakhale zambiri zimachita bwino kuposa pamenepo.

Nanga wotchi ya batire? Pa 25 December 1969 kampani ya Seiko inatulutsa Astron, wotchi yoyamba yapamkono ya quartz kugulitsidwa. M'mawotchi a batire a lero muli kamwala kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Casio F-91W, kawotchi kakuda kapulasitiki kamene kanatuluka mu 1989 ndipo mumakaona pamsika paliponse, kamalakwitsa osaposa masekondi 30 pa mwezi, sekondi imodzi pa tsiku. Kamaposa malire a COSC. Choncho ndikuuzeni mosabisa: ngati mukufuna nthawi yokha, gulani Casio, kapena yang'anani foni. Wogulitsa aliyense amene angakuuzeni kuti mulipire madola masauzande kuti musamachedwe kuntchito akukunamizani. Wotchi yamakina timaikonda chifukwa cha luso limene lili m'kati mwake, chifukwa siifuna batire kapena magetsi, ndiponso chifukwa ikasamalidwa imatha kuchoka pamkono wa agogo n'kufika pa wa mdzukulu ikuyendabe.

Ndiye wotchi yabwino ndi iti? Si imene yagwirizana ndi wailesi lero masana; ngakhale yakufa imagwirizana nayo kawiri pa tsiku. Wotchi yabwino ndi imene imalakwitsa mofanana tsiku lililonse. Ikamatsogola masekondi 15 Lolemba, 15 Lachiwiri, 14 Lachitatu, wotchiyo ndi yamoyo, ndipo mmisiri akhoza kuibweza pa mphindi zochepa. Koma ikatsogola 5 lero, mawa n'kutsalira 20, mkuja n'kutsogola 30, ikudwala, ngakhale pamapeto pa sabata itaoneka ngati yalondola. Gwirani mfundo imeneyi: kufanana kwa kulakwitsa ndiko umoyo wa wotchi.

Mfundo yachitatu. Achinyamata amandifunsa kawirikawiri za mawotchi atatu amene mukawaika patebulo ali kutali mungati ndi amodzi: Rolex Submariner, Omega Seamaster Diver 300M, ndi Tudor Black Bay 58. Onse ndi a ku Switzerland, onse ndi achitsulo, onse anapangidwira osambira pansi pa nyanja, onse ali ndi mkombero wozungulira wowerengera mphindi.

Submariner ndiye wamkulu, anayamba mu 1953. Wa masiku ano ndi wa mamilimita 41 m'mimba mwake, amapirira madzi mpaka mamita 300, ndipo mukamuvula Lachisanu madzulo mumupeza akuyendabe Lolemba m'mawa, chifukwa amasunga mphamvu maola 70. Kuyambira 2015 Rolex amalonjeza kuti wotchi yawo siidutsa masekondi 2 pa tsiku, kutsogola kapena kutsalira. Mtengo wake watsopano uli cha m'ma madola 10,000 a ku America, ndipo nthawi zambiri umachita kudikira pamndandanda.

Seamaster Diver 300M anatuluka mu 1993. Ndi wa mamilimita 42, mamita 300 omwewo, koma mphamvu amasunga maola 55. Lonjezo lake ndi lakuti satsalira konse ndipo satsogola kuposa masekondi 5 pa tsiku, ndipo amene amatsimikiza zimenezi ndi METAS, bungwe la boma la Switzerland loona za miyeso. M'kati mwake muli kachipangizo kotchedwa co-axial, kamene mmisiri wa ku England George Daniels anatulukira ndipo Omega anayamba kukagwiritsa ntchito mu 1999. Kamachepetsa kukhulana kwa zitsulo. Koma chachikulu n'chakuti kasipuling'i kake ndi ka silicon, ndipo wotchi yonse imapirira maginito amphamvu zedi, mpaka 15,000 gauss. Mtengo wake ndi wotsikirapo kwambiri poyerekeza ndi Submariner.

Tudor ndi mng'ono wake wa Rolex. Anayambitsa ndi munthu mmodzi yemweyo, Hans Wilsdorf, kuti pakhale wotchi yolimba yotsika mtengo. Black Bay 58 anatuluka mu 2018, ndi wa mamilimita 39, wopepuka pamkono, mamita 200, maola 70, makina ake oyesedwa ndi COSC, kasipuling'i ka silicon. Mtengo wake sufika theka la Submariner.

Mukuona apa kuti m'mawotchi apamwambawa nikelo wachoka pa kasipuling'i, wangotsala pachikombole; Rolex nawonso anapanga kawo kotchedwa Parachrom ka zitsulo zina. Chifukwa chake ndi maginito, ndipo ndifikako posachedwa.

Tsono tiwerengere limodzi. Pakati pa masekondi 2 ndi masekondi 5 pa tsiku, kusiyana ndi masekondi 3, mphindi imodzi ndi theka pa mwezi. Kodi mphindi imodzi ndi theka ndiyo mukulipira madola masauzande angapo? Ayi. Pa Rolex mukulipira dzina, ndiponso kuti mukafuna kugulitsa simutaya ndalama zambiri. Zimenezo si zachabe, koma muzidziwe kuti ndi zimene mukugula. Mutandifunsa ine kuti kwa munthu wogwira ntchito pafupi ndi mamota akuluakulu ndi makina owotcherera ndi iti yoyenera, ndingaloze Omega chifukwa cha maginito. Kwa wamkono waung'ono ndi thumba loganiza za fizi ya ana, Tudor. Ndipo musaiwale kuti a ku Japan nawo ali ndi Grand Seiko, imene inayamba mu 1960. Mtundu wake wa Spring Drive umayenda ndi sipuling'i koma umalamulidwa ndi quartz, ndipo umalakwitsa sekondi imodzi yokha pa tsiku.

Walira mvula walira matope. Wotchi yotere imafuna sevisi, ndipo sevisi yake ndi madola mazana angapo, kuwonjezapo kuitumiza kwa amisiri ovomerezeka, amene kwa ife apafupi ndi a ku South Africa. Amene sangakwanitse sevisi sanakwanitse wotchiyo.

Chenjezo lina lisanandichoke. Munthu akakubweretserani Rolex ya madola 200 kubhawa kapena pa WhatsApp, n'kumati mwini wake wapanikizika, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kale tinkazindikira yabodza poona muvi wa masekondi ukudumpha kamodzi pa sekondi m'malo moyenda mosalala. Lero zabodza zina zimayenda mosalala, zimalemera bwino, zimabwera ndi bokosi ndi mapepala omwe. Musapereke ndalama mmisiri wodziwa asanaitsegule kumbuyo.

Mfundo yachinayi, kasamalidwe. Izi zikukhudza Rolex ndi Lanco ya agogo chimodzimodzi.

Yambani ndi kuiyeza. Tengani kope. Itcheni wotchi mogwirizana ndi foni, popeza foni imatenga nthawi ku netiweki. Tsiku lililonse pa ola lomwelo, tinene 6 koloko m'mawa, lembani kuti yatsogola kapena yatsalira ndi masekondi angati. Musaikhudze sabata yathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tsiku limodzi silingakuuzeni kanthu, koma masiku asanu ndi awiri adzakuuzani ngati ikulakwitsa mofanana kapena ikungoyendayenda. Kope limeneli mupite nalo kwa mmisiri.

Ikakhala kuti imalakwitsa pang'ono, mukhoza kuiwongola nokha ndi kagonekedwe ka usiku. Mawotchi ambiri akagona chagada, nkhope kumwamba, amafulumirako. Akagona chammbali, kamutu kali m'mwamba kapena pansi, amachedwako. Wotchi iliyonse ili ndi khalidwe lake, ndiye yesani mausiku angapo, mulembe. Imene imatsogola masana muigoneke m'njira imene imachedwa.

Pukusani nthawi yofanana tsiku lililonse, makamaka m'mawa, mutaivula kaye, chifukwa kupukusa ili pamkono kumapinda kamtengo ka kamutu. Mukamva kulimba, lekani pomwepo. Ya otomatiki ikaima, ipukuseni ka 30 kapena 40 ngati imalola; Seiko 5 zakale zambiri sizilola, zimafuna kugwedezedwa pang'onopang'ono. Sipuling'i ikatsala pang'ono kumasuka, wotchi siilondola, n'chifukwa chake agogo amene sayendayenda amadandaula kuti otomatiki yawo yayamba misala pamene ikungosowa mphamvu. Ndipo musasinthe deti pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'mawa. Pa nthawi imeneyo mano osinthira deti amakhala atalumana kale, mukakakamiza amathyoka.

Tsono adani a wotchi kuno kwathu. Woyamba ndi maginito. Ali m'sipika ya wailesi, m'chikwama cha foni chotseka chokha, pachitseko cha firiji, m'mamota, m'majenereta, m'makina owotcherera. Kasipuling'i kachitsulo kakagwidwa ndi maginito, mizere yake imamatirirana, kamafupika, ndipo wotchi imene inali bwinobwino dzulo imayamba kutsogola mphindi zingapo pa tsiku. Anthu ambiri amaitaya poganiza kuti yafa. Siinafe! Ikani kampasi patebulo, yandikizitsani wotchi. Muvi wa kampasi ukamasuntha kwambiri, vuto ndi limenelo. Mmisiri ali ndi kamakina kochotsa maginito m'masekondi ochepa, osatsegula n'komwe. Ndibwereze: wotchi imene yayamba kuthamanga mwadzidzidzi, ganizirani maginito musanaganize china chilichonse.

Wachiwiri ndi kugwedezeka. Amene mumagwira jekihama, hamala kapena kuswa miyala, vulani wotchi. Nsonga zimene kagudumu kaja kamazungulirapo n'zopyapyala kwambiri, ndipo zambiri zimene zimafika kwa amisiri zitathyoka zinagwa pa simenti kapena zinali pamkono wogwira hamala.

Wachitatu ndi fumbi ndi madzi, ndipo khomo lawo ndi limodzi: timphira totseka pa kamutu, pa galasi ndi kumbuyo. Timphirati timauma pakapita zaka. Wotchi yolembedwa kuti 30 m si yosambira nayo. Imangopirira kusamba m'manja ndi mvula yowaza. Ya agogo ya m'ma 1970 musaiyandikize madzi konse, ngakhale palembedwe chiyani. Mukaona nthunzi m'kati mwa galasi, pitani nayo kwa mmisiri tsiku lomwelo kapena mawa lake, dzimbiri silidikira malipiro. Amene muli ndi kamutu komanga ngati sikuluwu, onetsetsani kuti mwamanga mukatha kutcha.

Wachinayi ndi wa kuno kwenikweni, ndipo ndikulankhula ndi anyamata athu amene mumasaka golide m'mbali mwa Mazowe ndi m'mapiri otizungulirawa. Mekyule imene mumagwirira golide siisankha: golide wa pawotchi kapena pamphete imamugwiranso. Dontho limodzi pa wotchi yokutidwa ndi golide limasiya banga loyera, ndipo golide wopyapyalayo amatha. Musayese kuiwotcha kuti mekyule ichoke, utsi wake ndi poizoni woononga ubongo ndi impso. Ngati ikuchita zimenezo pachitsulo, ganiziraninso za manja anu ndi mapapo anu.

Za mafuta. M'wotchi muli timadontho tochepa kwambiri ta mafuta apadera, pamalo pake penipeni. Pakapita zaka amauma, ndipo zitsulo zimayamba kudyana. Omega amalangiza sevisi pakatha zaka 5 mpaka 8, Rolex pafupifupi zaka 10. Mawotchi akale amafuna kawirikawiri kuposa pamenepo. Sevisi yeniyeni ndi kumasula makina onse, kutsuka kachidutswa kalikonse, kuthira mafuta atsopano, kumanga, ndi kuyeza pa makina omvetsera kugunda. Amene amangoviika makina onse mu petulo kapena parafini n'kukubwezerani ikuyenda sanakukonzereni. Wachotsa mafuta otsala, ndipo idzayenda youma mpaka kuonongeka. Mafuta a makina osokera kapena ophikira asayandikire wotchi. Mufunseni mmisiri kuti achita chiyani, ndipo akuonetseni zimene wasintha. Safunsa anadya phula.

Ndimalize ndi ija ili m'sutikesi. Ngati yakhala zaka 20 osayenda, musaipukuse mwamphamvu kuti muone ngati ili moyo. Ipititseni ikatsukidwe kaye. Muuzeni mmisiri kuti asapale kumbuyo kwake, pamene panalembedwa dzina la bambo ndi zaka zimene anagwira ntchito, ndiponso asasinthe nkhope yake popanda kukufunsani. Ngati ndi yakale kwambiri, ya m'ma 1950 kapena m'mbuyo mwake, yokhala ndi manambala amene ankawala usiku, musaitsegule nokha ndipo ana asaseweretse, chifukwa utoto wa nthawi imeneyo unkakhala ndi radium, ndipo fumbi lake ndi loopsa mukalipuma. Ogula zagolide akabwera, dziwani kuti mawotchi ambiri a makolo athu ndi ongokutidwa, golide wake sangakugulireni ngakhale thumba la ufa, pamene makina a m'kati akhoza kuyenda zaka zina 50.

Mfundo zanga zinayi zathera pamenepo. Ndabwera ndi kampasi, kamakina kochotsa maginito ndi galasi loonera tinthu ting'onoting'ono. Amene mwatenga mawotchi anu, bwerani nawo patebulo pano mmodzimmodzi, tiyambe ndi agogo. A tcheyamani, ngati pali mafunso ndiyankha ndikugwira ntchito.